Msungichuma ndi nkhokwe ya magetsi

M'mudzi wina kufupi ndi phiri la Domwe, m'boma la Angonia, muli mkulu wina amene anthu akhala akumusungitsa ndalama kwa zaka zambiri. Za mpingo amasunga ndiye, za maliro ndiye, ndipo pamene anthu adapangana zoika magetsi a dzuwa pa kachipatala ka m'deralo m'chaka cha 2023, padalibe wofunsa kuti chumacho asunge ndani. Chipwitikizi sachidziwa kwenikweni, koma kuwerengera amakutha, ndipo kabuku kake ka ndalama sikadathothokepo tsamba. Komabe chaka chisadathe dzina lake lidayamba kutchulidwa monong'ona, ku chitsime ndi pa mowa pomwe.

Kuti nkhaniyi imveke bwino iyenera kuyambira pa nthawi ya nkhondo. Mkuluyu adathawa ndi banja lake m'chaka cha 1986, monga adachitira anthu ambiri a ku Angonia ndi ku Tsangano, nakakhala tsidya lina la malire m'boma la Dedza. Nkhondo isadathe, anthu a ku Mozambique othawira m'Malawi adafika pafupifupi 1,000,000. Kumeneko iye adapeza wailesi yakale ndi batire la galimoto limene adagula kwa dalaivala wa lole. Pakatha masabata awiri ankalimanga pa njinga ndi mphira wa chubu n'kupita nalo kukatchajitsa pa galaja ina pa boma la Dedza, ulendo wa tsiku lathunthu, asidi akudontha n'kumaboola thalauza.

M'chaka cha 1992 kudamveka kuti a Chissano ndi a Dhlakama asaina pangano la mtendere ku Roma pa 1 Okutobala. Tsikulo lidadutsa osasaina. Anthu adadzaza pakhomo pa mkuluyu usana ndi usiku, wailesi ili chilankhulire, Lachinai, Lachisanu, Loweruka. Loweruka usiku mau adayamba kuchepa ngati a munthu wodwala, ndipo Lamulungu pa 4 Okutobala, tsiku limene adasainadi, wailesi idali zii. Za mtendere umene adaudikira zaka zisanu ndi chimodzi adazimvera kwa mnyamata wodutsa pa njinga.

Kuyambira tsiku limenelo mkuluyu adakhazikika mumtima kuti batire ndi chinthu chosakhulupirika, chimene chimakusiya pa nthawi imene ukuchifuna. Chofunika, iye ankatero, ndi kukhala ndi popala moto pafupi. Choncho pamene masola adayamba kuoneka m'masitolo a ku Vila Ulongwe ndi pa msika wa Lizulu, iye adaona kuti vuto lake lija latha: dzuwa lili pamutu pa aliyense, salipiritsa, ndipo safunika kulikwerera njinga.

Pa za kachipatala kaja, banja lililonse lidapereka lata imodzi ya chimanga itatha nyengo yokolola. Chimanga chitagulitsidwa, komiti ya zaumoyo idatuma mkuluyu ku Vila. Ndalama zidali zokwanira chimodzi mwa ziwiri: masola awiri pamodzi ndi batire labwino ndi kabokosi koyang'anira moto wolowa ndi wotuluka, kapena masola anai akuluakulu ndi batire la lole lotsika mtengo, popanda kabokosiko. Sadachedwe kusankha. Adaganiza kuti masola anai padenga aliyense wodutsa adzawaona, nadzadziwa kumene chimanga chake chidapita, pamene batire limakhala pansi pa tebulo mosaoneka.

Miyezi yoyamba zidayenda bwino zedi. Nyali idawala m'chipinda chochiliramo amai ndi ku chidikiro komwe. Anthu adayamba kubwera ndi mafoni ao kudzatchajitsa, masana ndi madzulo omwe, ndipo mnyamata wina adafika pobweretsa makina ake ometera. Palibe adaletsa, popeza magetsiwo adali a onse. Koma mvula itayamba, mitambo ndi nkhungu zitaphimba mapiri, nyali idayamba kufiira nthawi ya 9 koloko usiku, kenaka 7 koloko. Pofika Khirisimasi inkangoyaka pang'ono n'kuzima, ngakhale tsiku limene dzuwa lidawala bwino.

Usiku wina mu Januwale 2024 adabwera naye mtsikana wa mimba yoyamba, matenda atamuvuta. Anamwino adagwira ntchito yonse ndi kuwala kwa foni imene apongozi a mtsikanayo adaigwira m'manja monjenjemera. Mwana adabadwa wamoyo, koma mai wake adataya magazi ambiri, ndipo adamusoka ndi kuwala komweko, foni ikulira kuti moto watsala pang'ono. Onse awiri adapulumuka. Koma kutacha funso lidali limodzi m'mudzi monse: chimanga chathu chidapita kuti? Mwatsoka, chaka chomwecho mkuluyu adali atafolera khitchini yake ndi malata ogula ndi ndalama za mbatata ya kachewere. Anthu adayang'ana malatawo, nayang'ana nyali yozima, n'kuphatikiza okha.

"Bambo, kabwezeni kabukuko kwa a nyakwawa mupume," adatero mai a kunyumba kwake. "Mwakalamba, musafe ndi mau a anthu."

Iye adakana. Adati kubweza kabuku nthawi imeneyo kukadakhala kuvomera. Koma chonena adalibe, chifukwa iye mwini sankadziwa chimene chidalakwika. Masola adali padenga, onse anai, akunyezimira. Miyezi isanu ndi umodzi idatha ali chete, ndipo ku tchalitchi adayamba kukhala kumbuyo.

Mu Julaye mudabwera uthenga wa maliro. Adamwalira munthu amene adamupatsa kachigawo ka dimba m'chaka cha 1986, pamene adafika ku Dedza alibe ngakhale khasu. Munthuyo adatsikira kwao kwa mkazi wake kufupi ndi Golomoti, kunsi kwa mapiri, ndipo n'kumene adafera. Maliro otere sapitako pa foni. Popeza maso adayamba kumuvuta, adaperekezedwa ndi mdzukulu wake wamkazi amene adaphunzira zamagetsi mumzinda wa Tete ndipo adali atabwera kudzacheza. Adadutsa pa chipata cha Calomue, nakwera minibasi mpaka pa Masasa, ndipo adatsika mseu wokhotakhota wa Khwekhwerere kufikira ku chigwa kumene ngakhale mu Julaye munthu amavula jekete.

Ataika maliro, m'mawa mwake mtsikanayo adapempha agogo ake kuti asafulumire kukwera galimoto. Adawatengera pa mpanda wa waya umene m'kati mwake mudali masola oyalidwa m'mizere ngati munda wa fodya, kutalika kwake maso osafika, ndipo pakati pao padatsala mtengo waukulu wa mlambe umene omanga sadaudule. Malo amenewa adayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2022. Adamangidwa ndi kampani ya JCM Power ya ku Canada pamodzi ndi InfraCo Africa, ali ndi masola opitirira 50,000 amene amatembenuka pang'onopang'ono kutsata dzuwa, ndipo amapereka mamegawati 20 ku mawaya a ESCOM. Mkuluyu adagwira pakamwa.

"Waona, mdzukulu? Anzathu adziwa kuti chuma chili pa masola. Ine anai okha aja andida nao."

"Masola mwawaona, agogo," adayankha mtsikanayo. "Koma ine ndakubweretsani kuti muone makontena oyera ali apowo."

Makontenawo adali ochepa, osakongola, ngati amene amanyamulidwa pa malole a ku Beira. M'kati mwao, adatero mtsikanayo, muli mabatire.

"Ngati langa lija la pa njinga?"

"Ntchito yake ndi imodzi. Chasiyana ndi kukula ndi mankhwala a m'kati."

Zimene adafotokoza pa mpandapo n'zofunika kuti aliyense wogula sola azidziwe. Magetsi a m'mawaya sasungika. Amadyedwa nthawi yomweyo imene apangidwa. Munthu akayatsa chigayo cha magetsi ku Ulongwe, makina a ku Songo amamva kulemerako pompo, ndipo madzi olowa m'makinamo amayenera kuonjezedwa. Zili ngati madzi a m'ngalande ya ku dimba yopanda dziwe: amene sadathiriridwe pa mbewu apita basi. Pa magetsi a madzi zimenezi sizivuta, chifukwa chipata cha madzi munthu amatsegula ndi kutseka mmene afunira. Koma dzuwa silimvera munthu. Limapereka kwambiri masana, anthu ali ku minda, ndipo limalowa pa nthawi yeniyeni imene m'matauni akuyatsa nyali, mbaula ndi mawailesi a kanema. Mabatire a m'makontena aja amatenga gawo la moto wa masana n'kuusunga, kuti aubweze m'mawaya dzuwa litapendeka.

Palinso ntchito ina imene maso saiona. Magetsi a m'mawaya a ku Mozambique, Malawi ndi maiko oyandikana nao amagunda ka 50 pa sekondi iliyonse, ndipo makina onse olumikizidwa amayenera kugunda pamodzi, monga amai awiri osinja mumtondo umodzi. Wina akachedwa, misi imawombana. Mtambo ukadutsa pamwamba pa munda wa masola, moto umagwa mwadzidzidzi ndipo kugundako kumasokonezeka. Kukasokonezeka kwambiri makina amadzizimitsa okha podziteteza, ndipo tauni yonse imagwa mumdima. Makina a madzi kapena a dizilo amatenga kanthawi kuti adzuke, pamene batire limayankha sekondi isadathe. Limatseka mpatawo mpaka mtambo udutse.

Ku Malawi zimenezi zidafika pa nthawi yake, chifukwa magetsi ambiri a dzikolo amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe Ana, yemwe uja adagwetsa mlatho wa pa Revubue ku Tete, adaononga damu la Kapichira, ndipo mamegawati pafupifupi 130 adasowa kufikira 2023.

Mkuluyu adafunsa funso la msungichuma: "Nanga m'makontenamo mumalowa zingati?"

Mabatire a ku Golomoti amatha kupereka mamegawati 5 kwa maola awiri. Kuwerengera mwa mayunitsi amene anthu a ku Vila amagula pa Credelec, amenewo ndi mayunitsi 10,000. Batire la galimoto wamba, litadzaza bwino, silisunga ngakhale yunitsi imodzi yathunthu. Ndiye kuti pamafunika mabatire opitirira 10,000 onga lija la pa njinga kuti afanane ndi makontena aja. Mkuluyu adayesa kuganiza za njinga 10,000 zikukwera Khwekhwerere, naseka koyamba chichokere kumudzi.

"Basi Malawi yense amagona ndi nyali chifukwa cha amenewa."

"Iai agogo. Maola awiri okha, ndipo kwa gawo laling'ono la dziko."

Apa mtsikanayo adatchula Cahora Bassa, imene aliyense wa ku Tete amaidziwa ngakhale magetsi ake sadamufike. Makina asanu a ku Songo, onse akamazungulira mokwanira, amapanga mamegawati 2,075, ndipo ambiri mwa magetsiwo amayenda pa mawaya a makilomita opitirira 1,400 kupita ku South Africa. Zonse zimene makontena a ku Golomoti amasunga, Cahora Bassa imazipanga m'masekondi 17. Choncho mabatire a masiku ano si nkhokwe ya chaka chonse, yosunga za m'malimwe kuti zidzadyedwe m'dzinja. Ali ngati dengu la ufa la m'nyumba, losunga za masana kuti zifike madzulo. Nkhokwe yaikulu ya magetsi idakali damu, chifukwa madzi osungidwa ndiwo magetsi a mawa.

Koma nkhokwe yaikuluyo nayo imatha. Chaka chomwecho cha 2024 mvula idakana m'maiko ambiri a m'chigwa cha Zambezi. Madzi a ku Kariba adatsika mpaka anthu a ku Zambia ankakhala pafupifupi tsiku lonse opanda magetsi, ndipo nyanja ya Cahora Bassa nayo idaphwera kwambiri. M'chaka chotere dzuwa limachuluka. Masola akamagwira ntchito masana, mabatire n'kuthandiza madzulo, damu limapuma ndipo madzi ake amakhalitsa. Dzuwa, batire ndi mtsinje sizilimbana. Chilichonse chimagwira pamene chinzake chafooka.

"Nanga kwathu zilipo zotere, kapena n'za eni ake a Malawi okha?" adafunsa mkuluyu, chifukwa munthu amene adakhalapo mlendo safuna kuti kwao kuchepe.

Zilipo. Ku Tetereane, kufupi ndi Cuamba m'chigawo cha Niassa, kuli munda wa masola wopereka mamegawati 15, umene udamangidwa ndi Globeleq, Source Energia ndi EDM, ndipo adautsegulira ndi Pulezidenti wa nthawi imeneyo, a Filipe Nyusi, mu Seputembala 2023. Ndiwo woyamba m'Mozambique kukhala ndi mabatire akuluakulu olumikizidwa ku mawaya a dziko. Mabatire ake amasunga mayunitsi 7,000 ndipo amapereka mamegawati 2 kwa maola atatu ndi theka. Munda wa ku Mocuba, umene udatsegulidwa mu 2019 ndi mamegawati 40, ndi waukulu kuposa pamenepo, koma udamangidwa wopanda mabatire. Magetsi a Cahora Bassa amafika kumpoto atayenda ulendo wautali kudzera ku Zambezia, ndipo kumathero kwa waya wautali moto umafika wofooka. N'chifukwa chake kusungira pafupi ndi anthu kuli ndi phindu kumeneko.

Zinthu zimenezi n'zatsopano pa dziko lonse. Mu Seputembala 2016 mphepo yamkuntho idagwetsa mawaya ku South Australia ndipo chigawo chonsecho chidakhala mumdima. Chaka chotsatira kampani ya Tesla idamanga pa Hornsdale batire la mamegawati 100 losunga mayunitsi 129,000, limene pa nthawiyo lidali lalikulu kuposa onse a mtundu wake. Ambiri adaliseka, koma litaonetsa kuti limayankha msanga kuposa makina ena onse, maiko ena adatsatira. Chidathandiza kwambiri ndi mtengo: pakati pa 2010 ndi 2023 mabatire a lithium, mtundu womwewo uli m'mafoni, adatsika mtengo kufika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Ambiri amapangidwa ku China, koma miyala yake ina imachokera kufupi konkuno. Grafite, mwala wakuda uja uli m'kati mwa pensulo, amakumbidwa ku Balama m'chigawo cha Cabo Delgado kuyambira 2017, ndipo lithium amakumbidwa ku Bikita ndi malo ena a ku Zimbabwe.

Mabatirewa ali ndi zoopsa zake. Amadana ndi kutentha, n'chifukwa chake m'makontena muli makina oziziritsa ndi ena oyang'anira batire lililonse kuti lisadzaze mopitirira kapena kutha mopitirira. Akayaka moto savuta pang'ono kuzimitsa, monga zidachitikira pa Moss Landing ku California mu Januwale 2025, pamene anthu oyandikira adasamutsidwa chifukwa cha utsi.

Mau oti kudzaza mopitirira ndi kutha mopitirira ndi amene adamubaya mkuluyu. Ali m'minibasi pobwerera sadalankhule. Atafika pa Masasa, akudikira galimoto ina, adatulutsa kabuku kake, natsegula tsamba lopanda kanthu n'kupatsa mdzukulu wakeyo.

"Lemba apa chimene chidapha batire la ku chipatala."

Mtsikanayo adalemba zinthu zitatu. Choyamba, batire la lole lidapangidwa kuti lipereke mphamvu yaikulu kwa masekondi ochepa polizitsa injini, kenaka injiniyo ilibwezere pompo. Silidapangidwe kuti lizikamidwa usiku wonse. Chachiwiri, batire la mtovu ndi asidi siliyenera kutsika kupitirira theka. Likamakamidwa mpaka pansi tsiku ndi tsiku limafa m'miyezi yochepa, ndipo mafoni a mudzi wonse ankalikama choncho madzulo alionse. Chachitatu, popanda kabokosi koyang'anira, masola anai aja ankaliwiritsa masana mpaka madzi ake kuuma. Masana linkapsa, usiku linkakamidwa.

"Mudalima munda waukulu, agogo, koma zokolola mudazithira m'dengu lobooka."

Mkuluyu adakwiya. "Nanga iwe wodziwa zonsezi, bwanji sudanene?"

"Simudandifunse, agogo."

Adakhala chete nthawi yaitali. Adakumbukira bambo ake, amene chimanga chikangomasula ankayenda m'munda kuyeza ndi maso, n'kuyamba kudula nsungwi zolukira nkhokwe yolingana ndi zimene aona, nthawi yokolola isadafike. Munthu wokolola asadamange nkhokwe ankasekedwa m'mudzi monse. Zimenezi adazidziwa chibadwire, koma pa magetsi adaziiwala, chifukwa cha mkwiyo umene adasungira batire limodzi kuyambira 1992. Ndipo adaona tsopano kuti ngakhale batire lija silidamunamize: adalikama yekha masiku atatu osalipumitsa. Safunsa adadya phula.

Atafika kumudzi adapita kwa a nyakwawa kukapempha msonkhano. Koma asadapite adayamba wakhala pansi ndi mai a kunyumba, chifukwa chimene ankafuna kuchita chidali chokhudza nyumba yonse. Chaka chidali cha njala, ndipo padalibe banja limene likadaperekanso lata ya chimanga. Iye adali ndi ng'ombe ziwiri zokoka ngolo, zimene zinkatuta mbatata ku dimba kupita ku mseu. Adati agulitse imodzi.

"Ngolo ya ng'ombe imodzi mudaiona kuti, bambo?" adafunsa maiwo. "Mukufuna kugula dzina ndi chakudya cha ana?"

Adakangana masiku awiri. Potsiriza maiwo adalola, koma adati zogulazo akasankhe ndi mdzukulu, osati iwo, ndipo pa msonkhano anene zoona zonse osadzikometsera.

Pa tsiku la msonkhano, pansi pa mtengo wa pa bwalo, mkuluyu adawerenga kabuku kake kuyambira lata yoyamba mpaka metikali yomaliza, natulutsa mapepala a ku sitolo. Kenaka adati: "Zikomo a mfumu, ndi inu nonse. Ndalama zanu sindidadye, koma ndidaziononga. Ndidagula zooneka, ndidasiya zofunika, ndipo sindidafunse. Mwana wa eni ake adasokedwa mumdima chifukwa cha ine." Adafotokoza zimene adaona ku Golomoti, kuti ngakhale eni masola 50,000 adaona kuti popanda posungira ntchito yao siikwana. Atatero adaitana mdzukulu wake kuti afotokoze zotsalazo, ndipo madoda amene sadazolowere kuphunzitsidwa ndi mtsikana adamvetsera, ambiri a iwo chifukwa nao adali ndi mabatire akufa m'nyumba zao.

Si onse adakhutira. Munthu wina adanena mokweza kuti wogulitsa ng'ombe yake ndiye kuti akudziwa mlandu wake. A nyakwawa adayankha kuti mlandu waudziwadi ndipo wautchula yekha, ndipo adafunsa ngati padali wina pa bwalopo amene sadabwereko ndi foni yake ku chipatala dzuwa litalowa. Padalibe woyankha.

Batire latsopano, la lithium, lidagulidwa ku Tete pamodzi ndi kabokosi koyang'anira, ndipo mtsikanayo adazimanga yekha m'bokosi la matabwa lokhoma, pamalo opita mphepo. Komiti idaika malamulo awiri. Mafoni azitchajidwa kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 2 koloko masana, pamene masola akupereka zoposa zimene batire lingalandire, ndipo aliyense azisiya kangachepe kosungira batire lina, popeza ngakhale labwino lili ndi zaka zake. Dzuwa likapendeka moto wonse ndi wa chipinda chochiliramo ndi chidikiro. Batire lakale sadalitaye kudzala, chifukwa mtovu ndi poizoni kwa ana ndi ku madzi a pachitsime. Adalibweza ku Vila kwa ogula mabatire akufa.

Mawaya a EDM sadafikebe m'mudzimo, ngakhale boma lidalonjeza pa ndondomeko ya Energia para Todos kuti pofika 2030 aliyense adzakhale ndi magetsi. Mbatata ya chaka chimenecho mkuluyu adaituta pa ngolo yobwereka, nalipira matumba awiri. Ena ku chitsime amanenabe za malata a pa khitchini.

Mu Januwale 2025 kudachita mvula ya masiku asanu osaona dzuwa, ndipo usiku wachinai kudabadwa ana awiri pa kachipatala kaja, nyali ili chiyakire mpaka mbandakucha. Mkuluyu adamva m'mawa kwa anamwino, ndipo adangogwedeza mutu n'kupita kukaona manambala a pa kabokosi. Kuyambira pamene batire lidamangidwa amapita kumeneko kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, ndi ndodo yake. Popeza maso savomera, amaitana mwana aliyense wa sukulu amene ali pafupi kuti amuwerengere, ndipo iye amalemba kumapeto kwa kabuku komwe kaja, m'mizere itatu monga amalembera ndalama za maliro: zolowa, zotuluka, zotsala.